Miyendo ya Mkamwini pa Khonde la Posito

Amuna anga anali munthu wa pakamwa. Ndiyambe ndi zimenezi kuti mudziwe chimene chinatayika. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa ku Chifunde, ndipo munthu wobwera ndi tayala lobooka sankachoka asanamve mbiri ya tayalalo, ya msewu umene unaliboola, ndi ya Mpwitikizi amene analambulitsa msewuwo. Lamulungu ku gereja ankaimba mokweza kuposa akatekisita, chonsecho mawu a nyimbo ankangodziwa theka. Amayi anga ankati ndinakwatiwa ndi radiyo yopanda pozimitsira. Ankatero akuseka, chifukwa akamwini awowo ankawakonda. Khasu ankalidziwa, ulemu ankaudziwanso. Akaona apongozi akubwera m'njira ankapatukira m'tchire, chipewa m'manja, ngakhale mutakhala chitedze.

Tinkakhala pamudzi pa amayi anga, pafupi ndi vila, katauni ka Chifunde. Kwawo kwa amuna anga kunali cha ku Nsadzo. Nkhondo itafika mbali imeneyo tinamva kuti mudzi wawo wapsa, ndipo ananyamuka ndi mng'ono wawo kukafunsa kumene abale athawira. Ndinawaletsa, sanamve. M'njira anakumana ndi anthu a m'tchire, a mfuti, amene anawasenzetsa katundu. Patapita masabata asanu anatulukira okha, mapazi otupa, atavala malaya a munthu wina. Za mng'ono wawo sananene kanthu, ndipo palibe anafunsa kawiri. Masiku amenewo tinali titaphunzira kuti mafunso ena ukafunsa, yankho lake umasenza wekha.

Tinachita zonse zoyenera. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba, anapita nawo kwa sing'anga kukawasambitsa kumtsinje, monga ankachitira aliyense wochokera m'tchire. Akatekisita nawo anabwera ndi timadzi todalitsa totsala m'botolo la apadiri, amene anali atachoka kalekale. Mapazi anaphwa. Koma munthu sanabwerere.

Ankadzuka n'kukhala pakhonde, miyendo yotambalala, manja pantchafu zikhatho zili chagada. Ukawapatsa chakudya ankadya pang'ono. Ukapanda kuwapatsa sankapempha. Mwana wathu ankakwera pa miyendo yawo ngati pa chipika, iwo osamugwira n'komwe. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankayankha bwinobwino kuti, “Ndadzuka bwino, kaya inu,” kenako zii mpaka dzuwa kupendeka.

Mwezi woyamba anthu anamva chisoni. Wachiwiri anazolowera. Wachitatu inali nthawi yososa, ndipo chisoni cha anthu a khasu sichifika nthawi yososa. Ine ndinkapita kumunda mwana kumsana, amayi ndi chifuwa chawo chosatha, amuna a eni ake akugalauza mizere, anga ali pakhonde. Ndisaname, nanenso ndinawanena. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo ife kwathu malilime ndi akuthwa kuchokera kwa makolo. Ndinawauza kuti ena anabwera m'tchire opanda makutu koma akulima. Ndinawauza kuti bola chipika, chimayaka moto. Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero ndipo ndimachita nawo manyazi.

Zinafika poipa mmawa wina. Njira yopita kunyumba ya amayi inkadutsa pakati pa khonde lathu ndi nkhokwe, pamalo opanikiza. Amayi ankachokera kumadzi, mtsuko pamutu, ndipo anapeza akamwini atakhala m'mphepete mwa khonde, miyendo itatseka njira yonse. Anaima. Anatsokomola. Anatsokomolanso kachiwiri, kosakhala ka chifuwa. Amuna anga anangowayang'ana kumaso, gwa, miyendo osasuntha. Kulumpha miyendo ya mwamuna amayi sakanatha, ndiye anabwerera n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, m'minga, mkazi wamkulu pamudzi pawo pomwe.

Masana omwewo anaitanitsa atsibweni.

“Ulesi ndikanapirira, achimwene,” anatero amayi. “Koma chipongwe ayi. Wandiyang'ana m'maso ngati ndine mnzake wa kudambwe.”

Atsibweni sanali munthu wankhanza. Anali ndi mbumba yaikulu ndi nkhokwe zopepuka. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anagamula kuti mvula ikagwa, tikafika pa kupalira koyamba munthuyo asanagwire khasu, apatsidwe kamba abwerere kwawo.

“Kwawo kuti, atsibweni?” ndinafunsa. “Kwawo kuli phulusa. Njira yake ndi yomwe ija inawadya.”

“Ali ndi abale. Akawafunefune.”

Aliyense amene anali pamenepo ankadziwa kuti munthu wolephera kusuntha mwendo wake womwe sangadutse tchire la mfuti n'kukafika. Palibe ananena zimenezo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ku posito ya zaumoyo ndinapita nawo chifukwa kwina konse tinali titapitako. Sindinkayembekezera kanthu. Mankhwala ankabwera ndi koluna ya magalimoto yochokera ku Tete, yoperekezedwa ndi asilikali, ndipo kolunayo inkabwera ikafuna. Nthawi zambiri munthu ankabwerako ndi madzi a mchere ndi malangizo basi.

Namwino wa pamenepo tonse tinkangowatcha a Enifermera. Anali mayi wachikulire, wamfupi, wa matewe, amene anaphunzira ntchito kwa masisitere nthawi ya Apwitikizi. Ankasuta fodya moto uli m'kamwa monga ankachitira amayi akale, ndipo kunyengerera munthu sankadziwa. Ine tsiku loyamba ndinawada. Ndinafotokoza mavuto anga onse kuyambira pa mapazi otupa mpaka pa chigamulo cha atsibweni, iwo osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa amuna anga.

“Bambo, muli bwanji?” anafunsa.

“Ndili bwino, kaya inu.”

“Mwamva?” ndinatero ine. “Akuti ali bwino. N'chifukwa chake kwathu akuti ndi ulesi.”

“Mchewa ngakhale mutamunyamula pa machira amati ali bwino,” anatero a Enifermera. “Pakamwa ndi pa ulemu. Ine ndimafunsa thupi. Takhala chete pang'ono, mwanawe, ukundisokosera. Ankagwira ntchito yanji?”

Ndinawauza. Anatuluka, n'kubwera ndi njinga yawo yakale imene inkatsamira kuseri kwa posito. Anaiimika chadodolido pafupi ndi khomo, n'kuzunguza gudumu lakumbuyo. Sipoko imodzi inali yoduka, ndipo inkagunda chitsulo pa kuzungulira kulikonse: ke, ke, ke. A Enifermera anakhala pansi n'kuyamba kupinda nsalu za mabala ngati aiwala kuti tilipo. Ine mtima unali ukutentha. Ndinasiya munda kudzaonera gudumu? Koma poti anandiuza kuti ndikhale chete, ndinayamba kuyang'ana kumene iwo ankabera kuyang'ana. Mutu wa amuna anga sunatembenuke. Maso okha ndi amene anapita pa gudumu paja, n'kukhalapo pang'ono, n'kubwerera pansi. Chala chawo chachikulu chinakhudza chinzake kawiri.

“Muli munthu m'menemu,” anatero a Enifermera, akuimitsa gudumu ndi phazi.

Anandiuza kuti awa ndi matenda, osati ulesi kapena kulodzedwa. Anati m'mabuku amatchedwa depresau, koma ife tingoti mtima wazima. Kenako anatsegula kabati ndi kiyi wa pakhosi pawo n'kutulutsa kachitini.

“Mankhwala ake ndi awa. Ndili ndi okwanira anthu awiri okha mpaka koluna idzabwere, ndipo mmodzi akumwa kale. Odwala chonchi ndaona ambiri chaka chino, ndiye ndiyenera kusankha. Sindisankha wolira kwambiri, kapena wa mkazi wolongolola kwambiri, ngakhale pamenepo ukanapambana. Ndimasankha amene ndikuona kuti mankhwalawa amugwira.”

“Mumaona bwanji?”

“Masisitere anandiphunzitsa kubaya jekeseni. Izi ndinadziphunzitsa ndekha pa mabenchi awa. Amene maso ake akadatsatirabe chinthu chimene ankachikonda, kawirikawiri amabwerera. Amene akungozungulira, akuyankha anthu osaoneka, akufunika mankhwala ena amene ine ndilibe. Koma sindine woombeza. Ndinalakwapo, ndipo amene ndinalakwa nawo ndimawakumbukira onse.”

Anandiwerengera mapiritsi asanu ndi awiri m'kapepala. Anati ndiwasunge pathupi panga, osati m'nyumba, ndizipereka limodzi patsiku ndikuona kuti lamezedwa, ndipo Lachisanu lililonse tizibwera tonse awiri. Anandiletsanso kuwafunsa amuna anga kuti akupeza bwanji. Anati mankhwalawa ndi ochedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako ndi kumene ine ndinalibe. Sabata loyamba amuna anga anangogona, kukamwa kuli gwa, akumwa madzi ngati ng'ombe. Lachiwiri chimodzimodzi. Amayi anati poyamba tinali ndi mlesi wa maso otsegula, tsopano ndakamugulira tulo. Mvula inagwa, tinadzala, chimanga chinamera, udzu nawo unamera. Lachisanu lililonse a Enifermera ankatiimitsa patali, pa mtengo wa m'bwalo, n'kutiuza kuti tiyende kubwera pakhonde, iwo akunamizira kusamba m'manja. Kenako ankafunsa funso lija, n'kulandira yankho lomwe lija, n'kuwerenga mapiritsi. Ine sindinkaona chosintha chilichonse.

Lachisanu lachitatu ndinapita ndekha. Ndinali nditatopa, ndipo ndinali nditayamba kukhulupirira kuti amayi akunena zoona.

“Apatseni ena mankhwalawa,” ndinatero. “Tikungowononga.” Ndinafuna kunena mwaukali koma misozi inanditsogolera.

A Enifermera anandisiya ndilire mpaka nditamaliza. Kenako anati, “Sabata loyamba ntchentche inayenda kuchokera pamlomo mpaka m'diso, iwo ali duu. Lachisanu lapitali anaiingitsa isanatere. Poyenda, dzanja lamanja layamba kugwedezeka, lamanzere likadali lolendewera. Nditaseka ndi mayi wina wa mwana, mbali imodzi ya pakamwa pawo inasuntha. Ukandiuza kuti palibe chasintha, ukundiuza kuti sukuyang'ana.”

“Atsibweni sadzafunsa za ntchentche,” ndinayankha. “Adzafunsa za khasu.”

Anaseka mpaka kutsokomola utsi. Kenako anandifunsa kuti kwenikweni chinakwiyitsa amayi n'chiyani, poti pa tsiku loyamba sanamvetsere. Ndinawafotokozera za miyendo ndi mtsuko ndi minga ya kuseri kwa nkhokwe. Anachotsa fodya m'kamwa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

“Kale ankawathawa apongozi?”

“Mpaka kugwera m'chitedze.”

“Ubwere nawo mawa. Ubwerenso ndi amayi ako. Ukawauze kuti ndikufuna kumva chifuwa chawo.”

Amayi anavomera chifukwa cha chifuwacho, koma anakana kuyenda njira imodzi ndi ife. Anati titsogole. Khonde la posito linali lopapatiza, la simenti yosweka. A Enifermera anakhazika amuna anga pansi pafupi ndi khomo, n'kuwatambalitsa miyendo okha ngati akupima mawondo, mpaka zidendene zinafika m'mphepete. Ine anandithamangitsira pabwalo n'kundiuza kuti ndikatsegula pakamwa andisoka. Amayi atafika, a Enifermera anaitana ali m'kati.

“Lowani, amayi, ndikukudikirani.”

Amayi anakwera pakhonde, n'kuona miyendo. Nkhope yawo inauma nthawi yomweyo. Anaima. Sanatsokomole ulendo uno, anangoima, manja kumbuyo. Ine ndinaganiza kuti mayi wa fodya uyu watiphera ukwati lero lomwe. Inapita nthawi. Kenako mwendo wamanzere unayamba kubwerera pang'onopang'ono, chidendene chikukhula simenti. Unzake unatsatira. Mutu unatembenukira kukhoma. Dzanja linakwera kupita kumutu, kumene kunalibe chipewa, n'kugwa panjira. Amayi anadutsa.

Kanali kanthu kakang'ono kwambiri. Ndikanakhala ndekha sindikanakawerengera n'komwe.

Ndinazembera pawindo kuti ndimve. A Enifermera anamvetsera chifuwa cha amayi moona mtima, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuwauza kuti achepetse kukhala mu utsi. Atamaliza anati, “Mwaona, amayi?”

“Ndaona munthu akupinda miyendo yake. Ndiimbe nthungululu?”

“Tsiku lija sanakuchiteni chipongwe. Chipongwe chimafuna mphamvu, ndipo iwo analibe ngakhale ya kuingitsa ntchentche. Maso anali pa inu koma munthu kunalibe. Lero achita manyazi. Mwa zonse zimene ndimayang'ana, manyazi akabwera ndimadziwa kuti mwini wake ali m'njira. Chimanga chikafika m'mawondo agwira khasu. Lisanafike tsikulo musayembekezere. Ndikanama mudzabwere kudzanditukwana pakhonde pano anthu onse akumva.”

“Kupalira ndi sabata la mawa,” anatero amayi. “Udzu sudikira mawondo.”

“Ndiye mudzakhala mutathamangitsa mkamwini atatsala pang'ono kufika.”

Amayi anamanga chitenje chawo cha kapulana mwamphamvu n'kutuluka osalonjeza kanthu. Sindinaonepo munthu wina akulankhula ndi amayi anga choncho n'kutsala wamoyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayi wa matewe uja ndinayamba kumuopa ndi kumukonda pamodzi.

Tisananyamuke anandikokera kuseri. Nkhope yawo sinali ya munthu wopambana.

“Tsopano ndi pamene uyenera kuopa,” anatero. “Mphamvu zimabwera poyamba, chimwemwe chimatsalira m'mbuyo. Munthu amene analibe mphamvu zodzipwetekera amazipeza mtima ukadali mumdima. Zingwe zonse ubise, cha mbuzi chomwe. Mankhwala a thonje ngati alipo ukawasiye kwa anzako. Asakhale okha. Ukaona chachilendo usadikire Lachisanu.”

Sabata limenelo ndinazindikira kuti amayi ayamba kukonda madzi. Ankadutsa pakati pa khonde lathu ndi nkhokwe mtsuko pamutu, n'kubwerera, n'kudutsanso. Mmawa wina ndinawerenga kasanu. Mkazi aliyense amadziwa mayendedwe a munthu wosenza mtsuko wopanda kanthu.

“Amayi, madzi akutha msanga masiku ano,” ndinatero.

“Samala zako.”

Tsiku loyamba akamwini anapinda miyendo. Lachitatu anaimirira n'kufulatira. Lachisanu, atangoona mtsuko ukutulukira patali, anadzuka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala komweko mpaka ndinachita kukawatenga. Amayi ankadutsa khosi lili njo, osayang'ana kumbali, koma ine ndine mwana wawo, ndikudziwa kuti amaonera m'ngodya ya diso. Khasu lokha amuna anga sanalikhudze.

Kupalira kunayamba. Pa tsiku lachiwiri atsibweni anabwera mmawa ndi kamtolo m'manja, ufa ndi chinangwa chouma ndi kamchere, kamba wa masiku atatu. Ankayenda ngati akupita kumaliro. Anakhala pansi pabwalo n'kuika kamtoloko patsogolo pawo.

“Mutu ukakula sulewa nkhonya,” anatero. “Mawu tinagwirizana, ndipo ndine ndiyenera kuwakwaniritsa. Kawaitane bambo a mwanayo.”

Ndinagwada. Ndinanena zonse zimene ndinamva ku posito, za ntchentche, za dzanja lamanja, za chimanga cha m'mawondo. Pakamwa panga zinkamveka ngati za ana. Atsibweni anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mofatsa kuti a Enifermera ndi munthu wabwino koma salima munda wathu.

Pamenepo amayi anatuluka m'nyumba mwawo, khasu paphewa.

“Achimwene, mwanyamula chiyani?”

“Kamba wa akamwini anu, monga munafunira.”

“Ine ndinadandaula za munthu wina amene ankakhala pakhondepo,” anatero amayi. “Ameneyo sindikumuonanso. Amene alipoyu ndi mkamwini wanga. Dzulo waponda minga pondithawa, mapazi ake mukaone. Mukufuna kuthamangitsa yani?”

“Nanga khasu?”

“Mizere yake ndipalira ndine.”

“Ndi chifuwa chanucho?”

“N'changa.”

Atsibweni anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali. Kenako anapuma mpweya waukulu, ndipo ndinaona kuti apepukidwa kuposa ine. Anadzuka, n'kusasa fumbi, n'kunena kuti akazi a pamudzi pano adzawapha ndi kusinthasintha. Kamtolo kaja anakasiya pansi pomwepo.

Amayi anapaliradi mizere ya akamwini awo, akutsokomola, akutukwana udzu, akutukwana ine chifukwa chochedwa. Mmodzi wa ife ankatsala pakhomo nthawi zonse, kapena tinkapita nawo amuna anga kumunda n'kuwakhazika pamthunzi. Ndipo zimene a Enifermera anachenjeza zinachitika. Masana ena ndinalowa m'nyumba kukatenga lichero, ndinawapeza ataimirira, dzanja lili m'denga, akufufuza pamalo pamene tinkasomeka chingwe cha mbuzi. Ndinawafunsa kuti akufuna chiyani. Anati palibe. Nkhope yawo inali yosalala, yodekha kuposa masiku onse, ndipo kudekha kumeneko ndi kumene kunandiopsa. Sindinatseke ngakhale chitseko. Ndinawagwira dzanja mpaka ku posito.

A Enifermera anawayang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti atsale. Anawasunga masiku anayi. Usiku ankagona m'chipinda cha odwala, masana ankakhala pakhonde pamene namwinoyo ankawaona ali pantchito. Sanawalalikire, sanawafunse za m'tchire. Anangowaikira njinga ija pafupi, pamodzi ndi sipanala ndi kachitini ka mafuta, n'kumadandaula mokweza kwa odwala ena kuti m'dziko muno amisiri anatha. Tsiku lachinayi ndinapeza gudumu lili pantchafu pawo, zala zili zakuda ndi girisi. Anagwira pang'onopang'ono ntchito imene kale ankaimaliza akucheza, koma anaimaliza.

Khasu analigwira chimanga chitapitirira mawondo, chikuyandikira m'ntchafu. Palibe anawauza. Tinangoona akutitsatira, khasu lili m'manja molendewera. Mzere woyamba anasiya udzu wambiri kuposa umene anachotsa, ndipo amayi, amene sankasiya cholakwa chidutse, anabwereza mzerewo mwakachetechete iwo atapita kukapuma. Lachisanu lotsatira ndinauza a Enifermera kuti ananama ndi sabata lathunthu, ndiye ndabwera kudzawatukwana monga analonjezera.

“Chimanga chanu ndi chothamanga,” anatero. “Tenga mapiritsi uzipita.”

Koluna inabwera kamodzi nyengo imeneyo, ndipo amuna anga anamwa mankhwalawo mpaka titakolola ndi kupitirira. Radiyo ija sinabwerere yonse. Ankalankhula, ankaseka nthawi zina, ku gereja ankaimba motsitsa. Za mng'ono wawo anandiuza patapita zaka zambiri, kamodzi kokha, ndipo zimenezo si za pano. Chaka chotsatira nkhondo inafika pa vila penipeni, tinathawa kudzera cha ku Cassacatiza kulowa m'Zambia. A Enifermera anatsala ndi odwala amene sakanatha kuyenda. Titabwerera mtendere utabwera tinapeza anthu ena pa posito, ndipo aliyense ankanena zake za kumene mayiyo anapita.

Kuchokera nthawi imeneyo ndalowa m'zipatala zazikulu, za magetsi ndi makina, ndipo ndathandizidwa bwino, sindikudandaula. Koma ndikaona dotolo akufunsa munthu kuti ali bwanji maso ali papepala, ndimafuna kumugwira chibwano n'kumutembenuza. Mayi uja analibe chopimira china koma maso ake ndi zaka zake. Anali ndi mankhwala a munthu mmodzi otsala, ndi khamu la anthu ozima mitima, ndipo anayenera kuloza mmodzi, akudziwa kuti akhoza kulakwa. Anaona chala chikukhudza chinzake, n'kuikapo dzina lake pamaso pa amayi anga. Ndimamusirira mpaka lero, ndipo ndimadandaula kuti zikomo wanga anali wa nthabwala chabe.

Kukula kwa zimene anatichitira ndinakumvetsa nyengo yomwe ija, nthawi yobandira. Tinali awiri m'munda, amayi atatsala kunyumba, chimanga chikutifika m'chiuno. Amuna anga anali patsogolo pang'ono. Anaima, n'kutsamira khasu, n'kulankhula osatembenuka. Aka kanali koyamba kuti ayambe okha nkhani chibwerere ku tchire.

“Kamba uja anabweretsa atsibweni, anali wa masiku angati?”

“Atatu,” ndinayankha.

Anagwedeza mutu pang'ono.

“Akanangowononga ufa. Ine ndinali nditasankha kale mtengo, tsidya la mtsinje pomwepa.”

Ndinakhala pansi m'khwawa la mzere, khasu lili pambali. Iwo anamaliza mzere wawo, n'kutembenuka, n'kuyamba wanga.